Mchere pa Bwalo la a Dikirani

Tatsitsani kaye mawu a TV-yo, ana inu. Tadala, ndikunena iwe wakakamira rimotiwe. Kuyambira masana ndakhala ndikukumva kuchipinda kwanga ukukuwa kuti "Fire him, fire him," ngati munthuyo wakubera njinga. Kochi wa timu yakoyo wabwera liti? Chaka chathachi? Ndiye lero wayamba kale kumulongedzera katundu. Bwera ukhale apa. Nawenso Chisomo ika foniyo pansi, anzakowo safa. Mundiyankhe m'Chingerezi chanucho mukafuna, ndinazolowera, koma kumva mumve m'Chichewa, chifukwa nkhani iyi m'chilankhulo cha eni imandithawa. Amayi anu akuidziwa theka lokha. Amene ankaidziwa yonse ndi agogo anu aakazi, ndipo anagona nayo.

Ine mpira sindinauyambire kuno. Ndinakulira ku Ndirande, komwe mpira wathu unali wachikulunga, mapepala a shuga omangamanga ndi linya. Mizere ya bwalo la pasukulu tinkalemba ndi phulusa, aliyense kubwera nalo m'chitini kuchokera kwawo, mvula ikagwa bwalo lonse n'kufufutika. Inu mumadandaula nsapato ikangothina pang'ono. Ine chala ichi chinapindika chonchi chifukwa cha mwala umene ndinamenya m'malo mwa mpira, ndipo ndinamaliza gemuyo.

Nditakula ndinasanduka sapota, ndipo sapota wa kwathu si munthu woseweretsa. Timu ikagonja kawiri motsatizana tinkadikira kochi pageti. Wina tinamuperekeza ndi nyimbo zachipongwe kuchokera pa sitediyamu mpaka pa siteji ya minibasi, ine ndili patsogolo, mawu atachita kusasa. Komanso kwathu kugonja sikungochitika kokha. Timu ikaluza ndiye kuti anzathuwo atchera bwalo. Ndinaonapo ndi maso angawa timu yonse ikukana kulowera pageti, amuna a ndevu zawo n'kumakwera mpanda poopa zimene zakwiriridwa pakhomo. Chosukulutsira chake aliyense ankachidziwa, ndi mchere. Ukawaza mchere pamene atcherapo, mankhwala amatha mphamvu. Ena ankaphatikiza ndi mafuta a nkhumba. Usaseke, Chisomo. Nanenso ndinkati zimenezo ndinazisiya pa Chileka tsiku limene ndinakwera ndege.

Ku South Bend, kuno ku America, ndinafika ndili kale bambo wa ana atatu. Ndinapeza ntchito pa kakoleji kena kunja kwa tauni, osati koleji yaikulu yotchuka ya m'tauniyo ayi. Kathu kanali ka njerwa zofiira, kozunguliridwa ndi minda ya chimanga. Dzina lake sinditchula, sikanalakwe kanthu. Ntchito yanga inali ya panja. Nyengo yotentha ndinkatchetcha udzu, masamba akayamba kuyoyoka ndinkawola, ndipo sinoo akagwa ndinkalawirira kukawaza mchere m'tinjira kuti ana asukulu asaterereke. Mcherewo sunali wa m'ndiwo. Unali wamiyalamiyala, wotuwa, wodzaza matumba m'shedi, ndipo kiyi wa shediyo ankakhala m'thumba mwanga.

Inu a kuno ku Lawrence, m'mbali mwa Indianapolis, sinoo simumudziwa. Wa ku South Bend amachokera kunyanja yaikulu ya kumpotoko, ndipo amagwa ngati pali amene wamulakwira. Chaka choyamba ndinamulandira ndi kajekete kamene ndinagula pa kaunjika ku Limbe, ndikumati ndavala. Makutu anga anauma ndithu, ndipo agogo anu anandimanga chitenje kumutu, ndinapita nacho kuntchito osachita manyazi.

Koma mwana wanga weniweni pantchitopo linali bwalo la mpira. Ndamva kuti masiku ano kuli kamakina kolemba kokha mizere, komanso udzu wapulasitiki wosathirira. Ife tinali ndi chingwe, zikhomo, ndi kangolo ka mawilo atatu kamene unkakankha pang'onopang'ono penti akutsikira pansi. Ukangoyetsemula mzere wakhota. Lachisanu lonse linkathera pamenepo, ndipo madzulo ndikakwera pamipando n'kuyang'ana pansi, mtima unkakhala m'malo.

Tsiku loyamba kuonera mpira wa kunowu ndinapsa mtima. Mpira wake wonga papaya, anthu atavala ngati akupita kunkhondo, athamanga pang'ono aima, akumana akambirana, ngati komiti ya maliro. Koma bwalo ukamalisamalira wekha, timu imakulowa m'magazi osadziwa. Pomatha chaka ndinali nditayamba kulalatira ma refu m'Chichewa.

Chinthu chimodzi muchisunge bwino. Pa koleji imeneyo mwana wa wantchito ankaphunzira osalipira, bola kholo lake likhale pantchito. Amayi anu, a Thoko, unamwino wawowu anauphunzira pomwepo. Ine akanandichotsa ntchito, sukulu yawo ikanathera panjira.

Timu yathuyo inali yomvetsa chisoni. Zaka ndi zaka inkangogonja, mpaka matimu ena ankabwera kwathu ngati kudzapuma. Kenako analemba kochi watsopano, a Tillery, munthu wamtali wowerama pang'ono, wolankhula motsitsa. Tsiku lawo loyamba, asanalowe ndi mu ofesi momwe, anabwera pabwalo, anagwada, n'kuzula kaudzu n'kumayang'ana mizu. Anandifunsa dzina, ndipo kachiwiri kokha analitchula bwinobwino, Chimwaza. Ena ndinagwira nawo ntchito zaka khumi akundiitanabe kuti Chim.

A Tillery anawauziratu anthu poyera. Anati, "Ndipatseni zaka zinayi. Ziwiri zoyamba zidzawawa, musadzati sindinanene." Anachotsa anyamata akuluakulu amene sankalowa m'kalasi, n'kubweretsa tiana tongochoka kumene ku sekondale, tamakosi toonda. Mnzanga a Jumbe, Mmalawi mnzathu amene ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba, ndi amene anawapatsa dzina loti a Dikirani, chifukwa atolankhani akawafunsa chilichonse yankho linali lomwelo, loti dikirani. Dzinalo linawakhala, ndipo kumpingo kwathu ngakhale amayi osadziwa mpira ankafunsa kuti a Dikirani zawayendera bwanji dzulo.

Chaka choyamba tinapambana kamodzi. Chachiwiri kawiri. Kunena zoona tianato tinkakula, amene ali ndi maso ankaona. Koma masapota sayang'ana kukula, amayang'ana bolodi ya zigoli. Kale Loweruka la gemu malo oimika magalimoto ankadzaza kuyambira m'mawa, anthu atatsegula kumbuyo kwa magalimoto awo akuotcha nyama ndi masoseji, fungo lake n'kumandikumbutsa kanyenya wa pa msika wa Ndirande, kungoti wa kuno wopanda tsabola. Chaka chachiwiricho utsi unachepa. Otsalawo ankabwera kudzakuwiza. Ena anakazika chikwangwani pakhomo pa a Tillery chakuti nyumbayi ikugulitsidwa. Akazi awo anasiya kubwera ku mpira, ndipo ndinamva kuti ankakagula zinthu tauni ina poopa maso a anthu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma zina zinanyanya.

Nthawi yonseyo ine ndinali kumbali yawo, ndipo ndinkanyadira zimenezo. Anzanga apantchito akayamba kunyoza ndinkawamasulira mwambi wathu uja, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Lolemba lililonse m'mawa, tagonja Loweruka, a Tillery ankabwera pabwalo ndi makapu awiri a khofi. Sitinkalankhula zambiri. Ankayang'ana mmene udzu wapondekera, ine n'kumawaonetsa pamene ndikufuna kufesa wina. Tsiku lina anati, "Bambo Chimwaza, inu nokha simundifunsa kuti tipambana liti." Ndinaseka, ndinati, "A Kochi, chimanga sachikoka kuti chikule." Ndinkadziona ngati munthu wanzeru kwambiri.

Tsopano mverani pamene zinakhotera. Gemu yomaliza ya chaka chachiwiri tinasewera ndi adani athu akalekale, koleji ina ya kummwera. Anatigonjetsa pabwalo lathu lomwe. Itatha gemu, ine ndikutola zinyalala, ndinaona mmodzi wa akuluakulu awo akutulutsa botolo m'chikwama. Anapita pamzere wa chigoli, mzere uja umene munthu akaudutsa ndi mpira ndiye kuti wagoletsa, wa mbali ya kumpoto. Anatsegula botololo n'kukhuthulirapo dothi lakuda, anyamata awo atazungulira akuimba. Ndinafunsa mnzanga wachizungu kuti n'chiyani chimenecho. Anati ndi mwambo wawo chabe, akapambana koyenda amasiya dothi la kwawo, n'zamasewera. Ndinangoti chabwino.

Nyengo yonse ya sinoo nkhaniyo inkandidya. Ine mkulu wampingo, wolalikira Lamulungu lachitatu lililonse, ndinkadziuza kuti n'zachibwana. Chaka chachitatu chinayamba, ndipo tinagonja magemu atatu oyamba. Awiri mwa amenewo anali apakhomo, ndipo konse kuwiri anyamata athu anafika pafupi ndi mzere wa kumpoto uja n'kukanika kuudutsa. Kamodzi mpira unangopulumuka m'manja popanda womugunda munthu. Akuluakulu a koleji anayamba kunong'onezana, ndipo zinamveka kuti chaka chachinayi chija mwina sichifika.

Ndinawauza a Jumbe za botolo lija titatuluka m'tchalitchi. Anandigwira mkono n'kundikokera kuseri kwa magalimoto. Anati, "Achimwene, inu mwakulira ku Ndirande, mukufuna ndikuuzeni ine? Bwalo limenelo analitchera. A Dikirani angadikire mpaka Yesu kubwera, palibe chimene chingachitike. Mchere muli nawo matumbamatumba, mukudikira chiyani?"

Sindikuwanamizira a Jumbe, anapita kale ndipo sangadziyankhire. Iwo anangonena zimene mtima wanga unkafuna kumva. Zoona zake n'zakuti ndinali nditatopa. Pakamwa ndinkati tidikire, koma mumtima ndinali sapota yemwe uja wa pageti. Zaka zinayi zinanditalikira, ndipo ndinafuna kuwathandiza a Tillery mwachidule.

Lachisanu m'mawa, kusanabwere munthu, ndinatsegula shedi, ndinatapa mchere m'kachidebe, n'kukawaza pamzere wa kumpotowo kuchokera uku mpaka uko. Ndinathirira madzi pang'ono kuti usungunuke usaoneke, kenako ndinadutsitsapo penti. Ine amene ndinkadziwa bwino lomwe chimene mchere umachita ndi udzu wa m'mbali mwa tinjira sinoo akatha. Ndinadziuza kuti wochepa chonchi sungavute.

Loweruka tinapambana.

Ana inu, tikanagonja tsiku limenelo bwenzi lero ndilibe nkhani yokuuzani. Tinapambana, ndipo chigoli chopambanira chinalowera mbali ya kumpoto yomweyo. Anagoletsa ndi Terell, mnyamata amene a Tillery anakamutenga kuno ku Indianapolis, cha ku Lafayette Road, woponya mpira wathu, amene timu yonse inkayendera mutu wake. Anthu anakuwa, a Jumbe anandiyang'ana kuchokera pamipando n'kugwedeza mutu. Sindinaganize n'komwe kuti tiana tija tangokula, kuti zimene a Tillery anafesa zaka ziwiri zayamba kumera. Ndinati ndi mchere wanga. Gemu yotsatira yapakhomo ndinathira chidebe chodzaza. Yotsatirayo ziwiri, ndipo ndinakulitsa malo, kuyambira pamzere kubwerera m'bwalo mapazi angapo.

Agogo anu aakazi sankabisidwa kanthu. Tsiku lina ndikuvula nsapato pakhomo anati, "Bambo a Thoko, nsapato zanu zayera mchere. Sinoo wake uti mwezi uno?" Ndinayesa kuzemba, koma anandiyang'ana mpaka ndinaulula. Anakhala pansi. Anati, "Mkulu wampingo wathunthu! Mwawoloka nyanja zonsezi kudzachita za ku Ndirande? Nanga akakugwirani, mwanayu sukulu mukamulipirira ndi chiyani?" Ndinawakalipira kuti za mpira sazidziwa. Iwo anangotenga nsapatozo n'kukazitsuka.

Udzu unayamba kufiira. Poyamba m'timadontho, kenako chigamba chachikulu, kenako unayamba kuzuka wokha ukangoupalasa ndi phazi. Lolemba lina a Tillery anagwada pamenepo nthawi yaitali. Anati, "Bambo Chimwaza, apa pakufa. Mukuganiza kuti n'chiyani?" Ndinati, "Mwina ndi mbozi za pansi, a Kochi." Anandiyang'ana, anati, "Mwina," n'kutapa dothi pang'ono m'kapepala kuti akalipimitse. Apo ndiye ndinasiya kuthira. Ndinayesa kuthirira madzi ambiri, ndinafesa mbewu yatsopano, ndinawazapo mchenga. Mbewu sinamere. Mchere ukalowa m'nthaka sungautole ndi manja.

Chaka chimenecho tinapambana ena, tinagonja ena, ndipo zonse zinatsalira pa gemu yomaliza, ndi adani athu a botolo aja, pakhomo pathu. Akuluakulu a koleji ananena mosabisa kuti a Tillery akapambana apitiriza chaka chachinayi, akagonja basi. Sabata yonseyo kunagwa mvula yozizira ija ya mu Novembala. Bwalo lonse linapirira chifukwa mizu inagwira nthaka, kupatula chigamba changa. Pamenepo panasanduka phala. Ndinapakapo penti wobiriwira kuti pasaoneke, ndipo ndi chinthu chimene chimandiwawa kuposa zonse, chifukwa pakanaoneka bwenzi anyamata akupasamala.

Gemu inali yolimba. Kutatsala kamphindi kochepa tinali kumbuyo pang'ono, mpira uli ndi ife, tikulowera kumpoto. Masapota amene anathawa aja anali atabwerera, onse ataimirira. Terell anafuna woti amuponyere, sanamuone, ndiye anathamanga nawo yekha. Anazemba mmodzi, anazemba wachiwiri. Kutatsala sitepe imodzi kuti adutse mzere anaponda mwamphamvu kuti akhote, ndipo anaponda pa phala langa. Phazi linapita kwina, thupi kwina. Ine ndinali nditaima pakona ndi chipangizo changa chosalazira, ndipo kulira kwa bondo lakelo ndinakumva ndi makutu angawa. Mpira unagwa pansi, adani anaugwera, wezulo inalira.

Sitediyamu yonse inangoti zii. Kenako anayamba kukuwiza. Sankakuwiza matope, sankakuwiza ine, ankakuwiza a Tillery, amene nthawi imeneyo anali atagwada m'matopemo atagwira mutu wa mnyamatayo. Wina anawaponyera kapu ya mowa kumsana, iwo osatembenuka.

Lolemba anawachotsa ntchito. Ine ndinakhala m'shedi tsiku lonse kudikira kuti andiitana, chifukwa ndinkaganiza kuti zotsatira za dothi lija zabwera. Madzulo bwana wanga anandipeza. Anati, "Chim, usadandaule, iwe ulibe mlandu. Kochi wavomera yekha kuti anathira mankhwala ake pabwalo osatiuza, ati ankafuna kuumitsa nthaka. Munthu ameneyu ankadziyesa wodziwa zonse." Ndinkadziwa kuti ndi bodza, ndipo sindinamvetse kuti bodzalo lachokera kuti. Ndinaganiza za amayi anu, amene anali atatsala ndi chaka chimodzi ndi theka. Ndinati, "Zikomo bwana." Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Yangayi inakhala moyo, kuunako kunafera wina.

A Tillery ananyamula katundu wawo Lachitatu. Ndinawaona ali patali akukweza makatoni m'galimoto, ndipo ndinakhotetsa thirakitala kulowera kuseri kwa laibulale. Sindinawatsanzike.

Kochi amene anabwera pambuyo pawo anapeza anyamata atapsa kale. Chaka chake choyamba anapambana pafupifupi magemu onse ndi tiana tomwe tija ta a Tillery, kupatula Terell, amene sanasewerenso. Masapota anamunyamula pamapewa. Utsi wa nyama unabwerera, ndipo anthu omwewo ankati mwaona, tikanachedwa kumuchotsa uja bwenzi tikuvutikabe. Ine chigamba chija ndinachikumba mpaka m'mawondo, ndinataya dothi lonse n'kuthira lina. Udzu unamera bwino kwambiri. Amayi anu anamaliza sukulu, tinavina, tinajambulitsa chithunzi chili pakhomacho. Mukachiyang'anitsitsa muona kuti ine sindikuseka.

Zaka zinapita. Amayi anu atapeza ntchito kuno, nafenso tinasamuka. Msewu wa ku Indianapolis tinkaudziwa kale, chifukwa mwezi ndi mwezi tinkatsika kudzagula ufa ndi usipa wouma m'mashopu a pa Lafayette Road. Nthawi imeneyo unkaima pa maloboti onse a m'tauni ya Kokomo, pakati pa njira, ulendo wake kutalika ngati wa ku Mzuzu, agogo anu atanyamula mbatata yophika ndi tiyi m'fulasiki. Inu mumangodutsa mukugona kumbuyo. M'shopu ina ya pa Lafayette Road pomwepo ndi mmene ndinamuonanso Terell, atavala yunifolomu ya oyendetsa basi, atanenepa, akukoka mwendo. Anali ndi kamwana kake pamkono. Ndinabisala kuseri kwa matumba a mpunga mpaka anatuluka, ine nkhalamba ya imvi.

Agogo anu atadwala matenda awo omaliza aja, tsiku lina m'chipatala anatuma amayi anu kukagula madzi kuti titsale awiri. Anati, "Bambo a Thoko, ine ndikupita. Nkhani ija ndakusungirani mokwanira. Mupite kwa a Dikirani." Ndinalonjeza. Titawaika ndinadikira mwezi, kenako ndinafufuza. A Tillery anali pafupi pomwepa, ku Beech Grove. Palibe koleji imene inawalembanso, chifukwa mbiri inali itawanda yakuti ndi kochi amene anawononga bwalo lake lomwe n'kupundula mnyamata wake. Anathera kuphunzitsa masewera pa sekondale ina mpaka kupuma.

Kwathu wopepesa sapita chimanjamanja, amanyamula nkhuku. Yamoyo kuno ndikanaitenga kuti? Ndinagula ya m'firiji, yolimba ija timaikonda ife, n'kuikulunga m'jumbo. Ndinafika masana, kanyumba kakang'ono ka khonde lamatabwa. Anatsegula okha, atakalamba, atawerama koposa kale, ndodo m'manja. Sanachedwe kundizindikira. Anati, "Bambo Chimwaza." Dzina langa analitchulabe bwino.

Anandilowetsa. Ndinakana mpando, ndinakhala pansi pa kapeti monga timachitira kwathu, nkhuku ili patsogolo panga. Anadabwa. Ndinafotokoza zonse, za Ndirande, za botolo, za a Jumbe, za zidebe, za penti wobiriwira. Ndinalira, sindikubisirani. Iwo ankamvetsera akuyang'ana pawindo.

Nditamaliza anati, "Ndinkadziwa. Pepala la opima dothi linafikira kwa ine sabata ya gemu yomaliza. Linati mchere wa m'misewu. Kiyi wa shedi anali ndi munthu mmodzi."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji anadzinamizira okha.

Anati, "Ine ntchito inali itatha kale. Inu munali ndi mwana pasukulu, ndinkamuona akudutsa ndi mabuku ake. Panalibe chifukwa choti tigwe awiri. Chimene sindinadziwe zaka zonsezi n'chakuti munachitiranji. Ndinkaganiza kuti mwina wina anakutumani kuti ndichoke."

Ndinati, "Ayi, a Kochi, ndinkafuna kukuthandizani. Ndinkafuna mupambane msanga."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. Anati, "Msanga. Mukudziwa, amene ankakuwiza aja sanandipweteke kwenikweni, sapota ndi mmene alili. Koma ndinkakhulupirira kuti m'tauni monse muja muli munthu mmodzi amene akudikira nane limodzi. Ndikafika kunyumba ndinkawauza akazi anga kuti bola Chimwaza akumvetsa. Ndikanakonda mukanakhala mdani, zikanapepuka."

Anandifunsa za amayi anu, ndinawauza kuti ndi namwino wamkulu tsopano, ali ndi ana awiri, ndinatchula maina anu. Anagwedeza mutu, anati zimenezo ndiye zabwino. Nkhuku ija anailandira, anakaiika okha m'firiji akutsimphina. Pondiperekeza pakhonde ndinalimba mtima, ndinafunsa ngati andikhululukira.

Anati, "Ndinakukhululukirani kalekale, Bambo Chimwaza, ndikanapanda kutero sindikanagona tulo. Koma musadzabwerenso kuno. Ndikakuonani ndikumva bondo la mwana uja."

Anandigwira chanza bwinobwino, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Ndinamvera. Kuchokera pano kukafika ku Beech Grove ndi ulendo woti tiyi sangazizire m'kapu, koma sindinapitekonso. Chaka chathachi, masamba akuyoyoka, amayi anu anabwera kuchokera kuntchito n'kundiuza akuvula jekete, ngati nkhani wamba, kuti adadi, mukuwakumbukira a Dikirani aja, ndamva kuti anamwalira, anawaika masabata awiri apitawo. Kwathu maliro a munthu wa m'mudzi woyandikana timagona panja masiku awiri, ngakhale amene tinkakangana naye malire a munda. Munthu amene anaphunzitsa amayi anu sukulu ndi dzina lake, ine sindinamuponyere ngakhale kadothi kamodzi.